Nkhope ndi ya Mwini Wake

Mu 1991 mumzinda wa New York munachitika chionetsero cha luso la ku Africa chotchedwa Africa Explores. Pakhoma panapachikidwa zithunzi zingapo za anthu a ku Bamako, likulu la dziko la Mali, ndipo m'munsi mwake analemba kuti wojambula wake sakudziwika. Chonsecho mwini wake anali moyo, ali phee kwawo. André Magnin, katswiri wofufuza zaluso wa ku France, atapita ndi makope a zithunzizo ku Bamako anawaonetsa wojambula wina dzina lake Malick Sidibé, ndipo iyeyo sanachedwe kuzizindikira. Zinali za Seydou Keïta. Pofika 1994 ntchito yake inali itapachikidwa ku Fondation Cartier mumzinda wa Paris, ndipo lero palibe wophunzira mbiri ya zithunzi amene angalidumphe dzinali.

Chimene chimandikoka pa nkhaniyi si kutchuka kwakeko ayi. N'chakuti zithunzi zonsezo Keïta sanazijambulire khoma la nyumba ya zionetsero. Anazijambulira anthu amene anabwera ndi ndalama m'manja, atasamba, atadzola, atavala zovala zosungira tsiku lalikulu, n'kunena chimene akufuna. Aliyense ankachoka ndi kachithunzi kakang'ono koti aike m'nyumba kapena atumize kwa achibale akutali. Pali maganizo ena amene ndimawamva kawirikawiri pakati pa achinyamata ojambula, akuti ntchito ya kasitomala ndi yongopezera ndiwo, luso lenileni limayamba ukamajambula zako zokha. Ine ndikukana. Luso la Keïta linamera ndi kukhwima m'kati mwenimweni mwa zofuna za makasitomala, ndipo maphunziro alionse a ntchito imeneyi amene sayambira pamenepo amatulutsa anthu odziwa mabatani a kamera koma osadziwa munthu.

Keïta poyamba anali kalipentala ngati bambo ake. Mu 1935 mbale wake wina wamkulu anamubweretsera kamera ya Kodak Brownie kuchokera ku Senegal. Nzeru zina anazitola kwa Pierre Garnier, amene anali ndi sitolo ya zipangizo zojambulira, ndi kwa wojambula mnzake Mountaga Dembélé. Situdiyo anatsegula mu 1948 pabwalo la nyumba ya kwawo ku Bamako-Coura. Nyale yake yaikulu inali dzuwa. Negetivu zake zambiri zinali za masentimita 13 m'lifupi ndi 18 m'litali, ndipo poti zinali zodula, munthu mmodzi ankamujambula kamodzi basi. Taganizirani zimenezo inu amene mumawombera zithunzi mazana asanu paukwati umodzi n'kumati chabwino chipezeka momwemo. Wojambula kamodzi amayenera kumaliza ntchito yonse asanadine: aone dzuwa, aone nsalu yakumbuyo, akonze phewa, atembenuze chibwano, aike bwino zala, adikire mpaka mantha achoke pankhope. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tengani chithunzi chake chodziwika cha mayi wogona chammbali, atatsamira chigongono. Diresi lake ndi la maluwa, bulangeti limene wagonapo ndi la mabokosi akuda ndi oyera, nsalu yakumbuyo nayo ili ndi zokhotakhota zake. Mphunzitsi wongotsata buku akanati pamenepa pali phokoso, kumbuyo kuzikhala kopanda kanthu kuti munthu aoneke. Koma tayang'anitsitsani. Poti paliponse padzaza mizere ndi maluwa, malo okhawo amene diso limapumira ndi khungu losalala la nkhope ndi mkono. Diso limazungulira nsalu zonsezo n'kukatera pa mayiyo. Keïta ankadziwa kuti mayi wa ku Bamako wabwera kudzaonetsa nsalu yake, ndolo zake, kamangidwe ka duku lake. Sanamulande zimenezo kuti apeze chithunzi chaudongo. Anazisandutsa msana wa chithunzicho. Aliyense amene anaonapo amayi a kwathu kuno atavala chitenje chofanana pachinkhoswe akumvetsa kuti nsalu si chokongoletsa chabe, ndi mbali ya uthenga.

Mu situdiyomo munalinso zinthu zobwereketsa: masuti, wotchi, cholembera, wailesi, njinga yamoto ya Vespa, ngakhale galimoto yake imene. Mnyamata wopanda wailesi ankajambulitsa atatsamira wailesi. Ena amati limeneli ndi bodza. Ine ndimati ndi kumvetsera. Munthu akabwera kudzajambulitsa sabwera ndi nkhope yokha, amabweranso ndi chimene akulakalaka kukhala, ndipo chilakolako chimenecho ndi choonadi cha moyo wake pa tsikulo.

Malick Sidibé ndiye anatulutsa kamera kunja kwa situdiyo. Iye anaphunzira zosula zokongoletsera pa École des Artisans Soudanais, kenako mu 1955 analowa ntchito kwa wojambula wachifalansa Gérard Guillat, kumene anaphunzirira pogwira. Atatsegula Studio Malick ku Bagadadji, usiku ankazungulira madansi a achinyamata ndi kamera yaing'ono ya fulashi, ndipo Lamlungu ankawatsatira kugombe la mtsinje wa Niger. Akatsuka filimu ankamata tizithunzi pamapepala olimba, achinyamata aja n'kumabwera kudzaloza zimene akufuna kugula. Chithunzi chake cha 1963 chotchedwa Nuit de Noël chili ndi mnyamata wa suti ndi mtsikana wopanda nsapato akuvina, mitu yawo itatsala pang'ono kugundana, onse akuyang'ana pansi. Mu situdiyo wojambula amalamula kuwala, nsalu ndi kaimidwe. Padansi salamula kanthu kupatula mapazi ake ndi nthawi yodinira. Kuti awiriwo amuiwale chomwecho, anayenera kukhala munthu wozolowereka, woitanidwa, osati mlendo wobisalira. Mu 2007 Sidibé analandira mphoto ya mkango wagolide pa chionetsero cha Venice Biennale chifukwa cha ntchito ya moyo wake wonse.

Nanga wophunzira wa lero aphunzire chiyani? Choyamba ndi kuwala pakhungu lakuda, ndipo apa ndikufuna kuchedwapo chifukwa ndi pamene ambiri amagwa. Choyezera kuwala cha m'kamera chimaganiza kuti chilichonse chimene chikuona n'chotuwa mwapakatikati. Mukachilozetsa kwa mkwatibwi wovala diresi loyera ndi velo, dzuwa lili paliwombo, chimaona kuyera kochuluka n'kuchepetsa kuwala kolowa. Diresi limatuluka bwino, nkhope n'kusanduka mdima wokhala ndi mano ndi maso okha. Vutoli lili ndi mbiri yake. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi makadi otchedwa Shirley, okhala ndi chithunzi cha mzimayi wachizungu, kuti aziyezerapo mitundu. Khungu la mzungu ndilo linali muyeso. Lorna Roth, amene anafufuza nkhaniyi, analemba kuti ena mwa amene anakankha kampaniyo kuti ikonze mitundu yoderapo anali ogulitsa chokoleti ndi mipando yamatabwa, poti katundu wawo sankaoneka bwino pa zithunzi zotsatsira malonda. Makamera a lero asintha kwambiri, koma mabuku ndi mavidiyo ochuluka amene ophunzira athu amaonera pa intaneti akadali ophunzitsira pankhope zoyera.

Khungu lakuda limaonetsa maonekedwe ake mwa kunyezimira. Chipumi, tsaya ndi mphuno zimabweza kuwala ngati mtsuko wokulungizidwa bwino. Fulashi yaing'ono yowombera kutsogolo imasiya kadontho kowala pachipumi, kwina konse kuli bii. Kuwala kotambalala, kochokera chammbali, kumayala kunyezimirako pang'onopang'ono, nkhope n'kuumbika. Sizilira zipangizo zodula. Khonde la nyumba, mthunzi wa mtengo wa mango, khomo lotsegula, chinsalu choyera chogwiridwa ndi mnzako kuti chibweze dzuwa pansi pa chibwano, zimenezi n'zokwanira kuyambira. Wophunzira adziwenso kuti nyale ikatalikira kawiri, kuwala kwake kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. N'chifukwa chake pachithunzi cha gulu amzere wakutsogolo amayera mbuu pamene akumbuyo akumira mumdima. Mankhwala ake ndi kubweza nyale m'mbuyo kuti kusiyanako kuchepe. Zimenezi munthu saphunzira pomva. Azijambula anthu a khungu losiyanasiyana, m'mawa, masana ndi madzulo, mphunzitsi ali pambali kumufunsa chifukwa chake waima pamene waimapo.

Chachiwiri ndi kufunsa, ndipo ichi sindinachione chikupatsidwa ulemu wokwanira. Mlongo wanga wina atakwatiwa, banja linalemba wojambula wa zipangizo zapamwamba. Zithunzi zinabwera zokongola zedi: akwati ali pakapinga, mphete zili pamaluwa, nsapato zili pazenera. Koma agogo athu, amene anayenda ulendo wa tsiku lathunthu kuchokera kumudzi, sanaoneke pena paliponse kupatula theka la duku lawo kuseri kwa munthu wina. Ankhoswe anali apo ndi apo. Chaka chotsatira agogowo anatisiya. Mpaka lero zimandiwawa. Mnyamatayo sanalakwitse kuwala ngakhale pamodzi. Analakwitsa posakhala pansi ndi eni ukwati n'kufunsa kuti: kodi pano wamkulu ndani, amene sayenera kusowa ndani, ankhoswe a kuchimuna ndi a kuchikazi ndi ati? Iye anajambula ukwati umene anauona pa Instagram, osati umene unali patsogolo pake.

Zofuna za kasitomala sizikhala zimene wanena pakamwa zokha. Wofuna chithunzi cha pasipoti akufuna choti chikalandiridwe ku ofesi, ndiye malamulo a kukula kwa mutu ndi kumbuyo koyera ndiwo luso lake. Mayi wogulitsa makeke akufuna mtundu wa keke utuluke momwe ulili, kuti wogula asadzati mwandinamiza. Pamaliro wojambula amayenera kudziwa poima ndi nthawi yotsitsa kamera. Wophunzira aziyesedwa pa zimenezi: apatsidwe munthu weniweni, amufunse, alembe zimene agwirizana, mtengo, tsiku loperekera ndi chiwerengero cha zithunzi, kenako mwini ntchitoyo anene ngati walandira chimene anapempha.

Pali pempho limodzi lovuta limene wojambula aliyense wa kuno amalidziwa: “Mundiyeretseko pang'ono.” Wina anganene kuti ngati Keïta ankabwereketsa wotchi, bwanji ife tisabwereketse khungu pa kompyuta? Funsoli silopepuka, ndipo sindikufuna kunyoza amene amapempha. Ambiri a iwo akhala akujambulidwa moipa moyo wawo wonse, nkhope zawo zikutuluka ngati chikuni chozima, mpaka anafika pokhulupirira kuti vuto ndi khungu lawo. Komabe ndikuona kusiyana. Wotchi yobwereka imaonjezera pa munthu, iye akadali yemweyo, ndipo mdzukulu wake adzamuzindikira. Kuyeretsa ndi kusalaza mpaka timabowo ta khungu titafafanizika kumachotsa munthuyo n'kuikapo chidole. Wojambula wophunzitsidwa bwino sayamba ndi kukana kapena kulalikira. Amamukhazika kasitomala pa kuwala koyenera, n'kumuonetsa pakamera momwe khungu lake likuwalira likapatsidwa ulemu. Nthawi zambiri pempho lija limathera pomwepo. Akaumirirabe, nkhope ndi yake, ndipo ali ndi ufulu. Koma asafike poumirira chifukwa choti mmisiri analephera ntchito yake.

Za kumene luso lotere lingaphunziridwe, njira zilipo ziwiri ndipo zimafunana. Keïta ndi Sidibé anaphunzira pogwira, pafupi ndi munthu wodziwa. James Barnor wa ku Ghana anachita zonse ziwiri: anayamba ngati wophunzira ntchito kwa mbale wake, anatsegula situdiyo ya Ever Young ku Accra, kenako anakalowa kalasi pa Medway College of Art ku England. Ku Johannesburg, David Goldblatt anayambitsa Market Photo Workshop mu 1989 kuti anthu amene tsankho linawatsekera zitseko aphunzire kujambula, ndipo Zanele Muholi ndi mmodzi mwa amene anadutsa pamenepo. Ku Malawi kuno lamulo la 1999 linakhazikitsa TEVETA kuti iziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo njira yophatikiza kalasi ndi kugwira ntchito kwa mmisiri ndi yodziwika kale kwa akalipentala ndi amakaniko. Kujambula kumafuna njira yomweyo. Kalasi imapereka chifukwa chake cha zinthu. Koma kunyamula chikwama cha wojambula wamkulu Loweruka khumi motsatizana, kuona momwe amatonthozera mwana wolira, momwe amalankhulira ndi apongozi okwiya, momwe amachitira magetsi akazima pakati pa perekaniperekani, zimenezo bolodi silingaphunzitse.

Ndipo pali ntchito ina yosaoneka imene ndikanakonda ikanakhala ndi mayeso akeake: kusunga. Keïta anasiya situdiyo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 atalembedwa ntchito yojambulira boma, koma negetivu zake masauzande anazisunga mosamala, n'chifukwa chake Magnin anapeza choti aone. Lero zithunzi za ukwati wonse zimakhala pa memory card imodzi, imene imafufutidwa Lachisanu kuti ikagwire ntchito Loweruka. Banja likabwera patapita zaka zitatu kudzafuna chithunzi cha bambo awo amene amwalira, limauzidwa kuti kompyuta inafa. Chimodzi chokha n'chimene Keïta sanasunge, ndicho maina a makasitomala ake. Iye anamwalira ku Paris mu 2001 dzina lake likudziwika padziko lonse, koma mayi wogona chammbali uja, amene anasankha yekha diresi la maluwa n'kulipira ndalama zake, amapachikidwa m'nyumba za zionetsero wopanda dzina.