Ndime 41: Khoti Limodzi, Malamulo Osiyana

Ku Corby, tauni ya ku Northamptonshire, mabanja ambiri kwawo kwenikweni ndi ku Scotland. Makolo awo anabwera m'zaka za m'ma 1930 kudzagwira ntchito pa fakitale ya zitsulo ya Stewarts & Lloyds, mpaka tauniyi anaipatsa dzina loti Little Scotland. Koma mdzukulu wa anthu amenewa akakokanakokana ndi mwini nyumba pa nkhani ya lendi, mlandu umazengedwa potsata malamulo a England ndi Wales. Msuweni wake wa ku Glasgow ali ndi makhoti ena ndi malamulo ena. Onse awiri akachita apilo mpaka pomaliza, amakathera m'nyumba imodzi ku London, ku Supreme Court, imene inayamba ntchito mu Okutobala 2009.

Nanga oweruza amodzimodzi angatumikire bwanji malamulo osiyana? Ndime 41 ya Constitutional Reform Act ya 2005 ndiyo inayesa kumasula mfundo imeneyi.

Kandime koyamba kakuti kubwera kwa khotili sikukufafaniza kusiyana kwa malamulo a zigawo za dziko la United Kingdom. Ili ndi lonjezo lakale, la m'pangano la 1707, pomwe Scotland inalumikizana ndi England koma n'kusunga makhoti ake.

Kuchenjera kuli m'kandime kachiwiri. Chigamulo cha apilo yochokera ku Scotland chimawerengedwa ngati cha khoti la ku Scotland. Cha mlandu wa ku Corby, ngati cha khoti la England ndi Wales. Zili ngati mfumu yaikulu imene m'mawa ikuweruza mlandu wa chikamwini potsata mwambo wa Achewa, masana n'kuweruza wa malowolo potsata wa Angoni, osasakaniza. Motero woweruza wa ku Edinburgh angalemekeze chigamulo cha mlandu wa ku Corby, koma sichimumanga. Milandu ya upandu ya ku Scotland ndiye nthawi zambiri siifika n'komwe ku London. Imathera ku High Court of Justiciary.

Komabe m'kandime komweko anasiyamo mpata: milandu yokhudza malire a mphamvu zimene zinaperekedwa ku Scotland, Wales ndi Northern Ireland siili m'gulu limeneli. Kandime kachitatu kakuti zigamulo zotere zimamanga makhoti onse m'dzikomo, kupatula Supreme Court yokha, imene ikhoza kudzasintha maganizo. Apa ndiye pagona mphamvu. Pa 23 Novembala 2022 khotili linagamula kuti nyumba ya malamulo ya ku Edinburgh siingaitanitse payokha riferendamu ya ufulu wodzilamulira. Amene anawerenga chigamulocho ndi Lord Reed, yemwenso kwawo ndi ku Scotland.

Ine sindikuona cholakwika kuti mkangano wa malire uthere kwa woweruza mmodzi. Popanda kutero chigawo chilichonse chikanadziikira malire ake. Chimene ndimeyi siikunena n'chakuti muyezo suli wofanana. Khotili likhoza kuthetsa lamulo la ku Edinburgh ngati lapyola malire a Scotland Act ya 1998, koma silingathetse lamulo la nyumba ya malamulo ya dziko lonse ku Westminster, komwe kunalembedwa malirewo.

Ku Malawi, amene amafuna boma la feduro ayambira pena. Ndime 103 ya malamulo aakulu a dziko imaletsa kukhazikitsa khoti lina loposa kapena lofanana mphamvu ndi High Court ndi Supreme Court of Appeal, ndipo ndime 5 ikuti lamulo lililonse losemphana ndi malamulo aakuluwo ndi lopanda ntchito, ngakhale litachokera ku nyumba ya malamulo ku Lilongwe.