Maso a Nkhono ndi Munda wa Magalasi

Mwambi wakuti "Kuona maso a nkhono n'kudekha" ndinaumva koyamba ndili mwana, agogo akundiletsa kuvundukula mphika wa mbatata zisanapse. Kuchokera apo ndakhala ndikuumva pamilandu ya mabanja, pamzere wa kuchipatala ngakhalenso kuchigayo, ndipo kawirikawiri umanenedwa pofuna kutonthoza munthu amene zinthu zamuchedwera. Koma unadzandilasa mwa mtundu wina ku Embakasi, mumzinda wa Nairobi, usiku wina tili pakhonde la nyumba yosanjikizana ku Pipeline, komwe kumakhala alamu anga. Tinkakonza ulendo wokaona zoumba zagalasi ku Kitengela Glass, ndipo ine ndinali nditalemba papepala malo asanu oti tiwayendere tsiku limodzi lomwelo. Alamu anawerenga pepalalo n'kundibwezera.

"Alamu, inu mukufuna kukaona kapena kukafika?" anandifunsa. "Paja kuona maso a nkhono n'kudekha."

Sindinayankhe, chifukwa malowo ndinali nditafikako kale kamodzi, mothamanga, n'kubwerako ndi zithunzi zodzaza foni koma m'mutu mulibe kanthu. Mwambiwu uli ndi mawu asanu okha. Tiyeni tiwatenge limodzilimodzi.

Mawu oyamba ndi "kuona". Wopeka mwambiyu anali ndi mawu ambiri oti asankhepo: kuyang'ana, kupenya, kusuzumira, kuonerera. Onsewa anawasiya. Kuyang'ana ndi ntchito imene munthu amaichita mwa kufuna kwake, ndipo angathe kuyang'ana tsiku lonse osaona kanthu. Kuona ndi chimene chimam'fikira munthuyo pamapeto pake. N'chifukwa chake timati "ndaona zakuda" kapena "mwana uyu waona mavuto", pomwe sitikunena za maso konse koma za zimene zam'khudza munthu mpaka mkati. Choncho mwambi ukungoyamba kumene watichotsa kale pagulu la anthu ongodutsa, aja amaloza chala n'kumapita.

Amene amaika zoumba zagalasi m'minda ya zomera amadalira kusiyana komweku. Dale Chihuly, mmisiri wa ku America wobadwira ku Tacoma mu 1941, anaika magalasi ake pakati pa mitengo ndi maluwa ku Kew Gardens mumzinda wa London mu 2005, n'kudzabwerezanso mu 2019. Galasi likakhala m'chipinda, nyali imaliwalira mofanana kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Likakhala panja limasintha ndi dzuwa: mmawa lili ndi mtundu wina, masana limathobwa m'maso, madzulo limaoneka ngati layaka mkati, ndipo mtambo ukadutsa limazima. Amene waima mphindi imodzi wayang'ana chinthu chimodzi. Amene wakhala ola lathunthu waona zinthu zingapo pamalo omwewo. Chihuly mwiniwakeyo diso lake lamanzere linasiya kuona pangozi ya galimoto mu 1976, koma ntchito zake zotchuka kwambiri wazichita ali ndi diso limodzi. Kuona sikuwerengera kuchuluka kwa maso.

Kenako pakubwera "maso a nkhono". Taonani kuti mwambi sukunena za kuona nkhono. Nkhono aliyense amaiona. Chigoba chake chili poyera, ndipo ana amachitola m'munda mwini wake atafa kale. Chovuta ndi maso. Nkhono ya pamtunda ili ndi tinyanga tinayi, tiwiri tatifupi m'munsi tonunkhizira ndi kufufuzira njira, ndi tiwiri tatitali pamwamba. Kunsonga kwa tatitalito kuli kadontho kakuda, ndipo kameneko ndiye diso. Ukangoigunda, kapena chithunzithunzi chako chikaigwera mwadzidzidzi, imabweza tinyangato mkati monga mmene sokosi imatembenuzikira povula, kenako nayonso n'kulowa m'chigoba. Nkhono za m'madzi, zija zimafalitsa likodzo, zili ndi tinyanga tiwiri tokha ndipo maso ake ali patsinde. Izi zikutiuza kuti wopeka mwambiyu anaonerera nkhono ya kumunda, nthawi ya dzinja, atanyonyomala pansi. Sanaupeke ali pampando. Anayesa kufulumira, nkhono inabisala. Anakhala chete, maso anatuluka.

Apa pali phunziro limene ambiri timaliphonya. Chimene chimabisa maso a nkhono si mtunda kapena mdima, koma dzanja la munthu wofuna kuwaonayo. Changu chako chomwecho ndicho chimatseka chitseko. Galasi nalonso lili ndi khalidwe limeneli: ukaligwira mwaphuma limasweka, ukalijambula mothamanga umangojambula kunyezimira kwa dzuwa.

Ku Kitengela Glass chigoba n'chachikulu ndipo n'chokopa. Malowa anawayambitsa ndi Nani Croze, mayi wobadwira ku Germany, cha m'ma 1980, kuchigwa cha kumwera kwa Nairobi National Park, ndipo mwana wake Anselm Croze anadzawonjezerapo ng'anjo youzira magalasi m'zaka za m'ma 1990. Si munda wa zomera wa boma ngati Nairobi Arboretum, umene unakhazikitsidwa mu 1907, kapena munda uja wa ku Zomba. Ndi tchire louma la mitengo yaminga momwe amisiri adzalamo zoumba zawo: tinjira toyalidwa ndi zidutswa zamitundumitundu, zifaniziro za nyama, makoma a simenti oikidwa miyala yagalasi yochindikala, nyumba yozungulira ya njerwa yomwe denga lake lili ndi timagalasi tolowetsa kuwala ngati nyenyezi, komanso mlatho wa zingwe wolendewera pamwamba pa phompho. Zonsezi foni imazigwira bwinobwino. Ndi zimene ine ndinabwera nazo ulendo woyamba uja.

Maso a nkhono ali kwina. Ali m'timathovu ta mpweya totsekeredwa mkati mwa kapu, tosonyeza kuti galasilo linasungunulidwa kuchokera ku mabotolo ndi mawindo osweka. Ali m'kachipsera ka pansi pa mtsuko, pamene mmisiri anauthyola kuuchotsa ku ndodo yake yachitsulo. Ali m'kubiriwira kwa m'mphepete mwa galasi lochindikala, kumene kumadza ndi kachitsulo kochepa kopezeka mumchenga. Ali m'makapu awiri ooneka ofanana amene ukawaika pamodzi limodzi n'lalitali pang'ono, chifukwa mpweya wa munthu sufanana kawiri. Izi sizioneka kwa munthu amene dalaivala akumuimbira hutala panja.

Pakati pa mwambi pali kachilembo kamodzi kokha, "n'", chidule cha "ndi". Kachilemboka ndi msana wa chiganizo chonse. Miyambi yathu yambiri imayamba ndi "uka-", monga "Ukaipa dziwa nyimbo", ndipo imapereka lamulo: zikatere, chita chakuti. Wopeka uyu akanatha kunena kuti ukafuna kuona maso a nkhono, dekha. Akanatero, kudekha kukanakhala mtengo wolipira pakhomo, ndipo kuona kukanakhala katundu amene walandira utalipira. Iye sanatero. Anaika aneni awiri oyamba ndi "ku-" mbali ziwiri, n'kuwamanga ndi "ndi", kunena kuti ichi ndicho icho. Kudekha sikubwera poyamba kuti kuona kudze pambuyo. Pamene wadekhapo ndi pamene ukuona. Mulibenso mwini nkhani m'chiganizochi, mulibe "iwe" kapena "ine", mulibe dzulo kapena mawa. Mwambi sukuloza munthu chala, n'chifukwa chake alamu anatha kundidzudzula nawo popanda kundichititsa manyazi.

Kamvekedwe kake nakonso kakugwira ntchito. Mbali yoyamba ili ndi mawu anayi ndipo imayenda pang'onopang'ono, yodzaza ndi "o" ndi "a" otsegula pakamwa. Mbali yachiwiri ndi liwu limodzi, lalifupi, longa chivundikiro pamphika. Ndipo "kh" wa mu "nkhono" akubwereranso mu "kudekha", moti potchula mwambiwu munthu umatulutsa mpweya kawiri, ngati wotula katundu.

Tsono liwu lotsirizalo. Kudekha si kudikira, ngakhale mawu awiriwa amayandikana pakamwa. Anthu a ku Embakasi kudikira amakudziwa bwino. Amadikira m'maminibasi otchedwa matatu pa Outer Ring Road ndi Mombasa Road, amadikira madzi ndi zigubu m'munsi mwa nyumba zosanjikizana, pamene ndege zonyamuka pabwalo la Jomo Kenyatta, lomwe linatsegulidwa mu 1958 likutchedwa Embakasi Airport, zikudutsa pamwamba pawo. Kudikira munthu amakakamizidwa ndi zakunja, ndipo angathe kudikira mtima ukuwira. Kudekha kumachokera mkati. Kumafanana ndi madzi a m'chidebe amene watunga pachitsime chovunduka: sukuwachita kanthu, koma matope akutsika okha mpaka pansi pakuoneka.

Kudekha si kuchedwanso ayi, ndipo umboni wake uli pang'anjo. Galasi limatengedwa m'moto wotentha kupitirira madigiri 1,000, lili ngati uchi wofiira kunsonga kwa paipi yachitsulo. Likangotuluka layamba kale kuuma. Mmisiri amaliuzira, kulizunguliza, kulipana ndi mbaniro, kulibwezera kumoto, zonsezi paipi isanaleke kutembenuka m'manja, chifukwa ikaima galasi limagwera mbali imodzi. Palibe munthu wofulumira kuposa iyeyu, koma nkhope yake ili phee. Manja akuthamanga, mtima uli m'malo. Akamaliza, chinthucho sachiika pamphepo. Amachilowetsa mu uvuni wina wa madigiri pafupifupi 500 kuti chizizire pang'onopang'ono kwa maola ambiri, nthawi zambiri usiku wonse. Likazizira mofulumira, kunja kumauma mkati mukadali motentha, ndipo galasi limasunga mkangano umenewo mpaka tsiku lina lidzang'aluka lokha pashelefu popanda wolikhudza. Ndani sadziwa banja kapena chibwenzi chimene chinasweka motero?

Ngakhale nkhono yeniyeniyo ili ndi ubale ndi galasi. Galasi la mabotolo limapangidwa ndi mchenga, soda ndi laimu. Chigoba cha nkhono ndi laimu yemweyo. Soda ndi mbale wake wa chidulo chathu cha therere, ndipo amisiri akale ankamupeza m'phulusa la zomera monga amachitira amayi kumudzi. Ku Kenya soda amakumbidwa ku nyanja ya Magadi, komwe kampani yake inayamba mu 1911, ndipo msewu wopita kunyanjako, Magadi Road, ndi womwewo umene munthu amatsata popita ku Kitengela Glass.

Komabe mwambiwu tisaupembedze. Uli ndi malire ake, ndipo anthu ena amaugwiritsa ntchito molakwika. Bwana wosalipira antchito amati dekhani. Wandale amene sanakonze msewu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pamenepo mwambi wasanduka chitsekerero cha pakamwa. Koma mawu ake enieniwo sakulola zimenezo. Nkhono ili pomwepo, pamaso pako, ndipo maso ake alipo ndithu. Chikufunika n'chakuti iwe usaisokoneze. Mwambi sukulonjeza kuti ukakhala chete pamalo opanda nkhono, nkhono idzabwera. Makolo omwewo anatisiyiranso wina wakuti "Mbewa yamanyazi inafera kuuna". Kudekha kuli ndi malo ake, ndipo malo ake ndi pamene chinthu chafika kale m'manja mwako.

N'chifukwa chake ulendo umafunika kuukonza, ndipo pokonzapo mwambi wolamulira ndi "Safunsa anadya phula". Dzina la Kitengela limasocheretsa. Munthu wa ku Embakasi angaganize zotsika ndi Mombasa Road kulowera m'tauni ya Kitengela, koma njira yodziwika ndi yozungulira mbali inayo. Pakati pali Nairobi National Park, nkhalango ya nyama ya masikweya kilomita 117 yomwe inakhazikitsidwa mu 1946, ndipo uyenera kuilambalala: Southern Bypass, Langata Road, Magadi Road mpaka cha ku Ongata Rongai, kenako kukhotera msewu wa Maasai Lodge kudutsa pa Africa Nazarene University. Chigawo chotsiriza n'chafumbi, ndipo mvula ya Malichi mpaka Meyi ikagwa, dothi lakuda la m'chigwamo limamata matayala. Ndi bwinonso kufunsiratu ngati tsiku limenelo amisiri akhala akuuzira magalasi, chifukwa kupita ng'anjo ili yozima kuli ngati kupeza chigoba chopanda mwini.

Usiku umenewo ndinatenga cholembera n'kufufuta malo anayi papepala lija. Panatsala amodzi. Tinagwirizana zonyamuka m'mamawa misewu isanadzaze, kunyamula madzi akumwa ndi nsapato zotseka, kuwauza ana kuti manja akhale kumbuyo, ndiponso kuti foni ikhale m'thumba ola loyamba lonse. Alamu anangoti, "Tsopano mwayamba kuyankhula ngati munthu wamkulu."

Kwathu ku Malawi botolo likasweka timalizika pamwamba pa mpanda kuti licheke akuba, ndipo sitiliyang'ananso kachiwiri. Inu owerenga, musadikire tikiti ya ku Nairobi. Mawa m'mamawa dzuwa likamatuluka, kaimeni pafupi ndi mpanda wotero mphindi khumi, muone zimene kuwala kumachita ndi zidutswa zobiriwirazo. Ndipo mvula ikagwa, mukapeza nkhono m'munda, nyonyomalani pansi, manja muike kumbuyo.