Mphika Sulankhula: Ndemanga pa Umboni wa Mapale

M'buku lake la 1976, The Prehistory of Eastern Zambia, David Phillipson anafotokoza zimene anafukula ku Kalemba, Makwe, Thandwe ndi Kamnama. Tivomereza kuti umboni wake ndi wolimba. Zida zamiyala za m'mapanga zionetsa alenje amene anakhalitsa m'derali, pamene mapale ndi zotsalira za citsulo ku Kamnama zicitira umboni anthu osula amene anadza pambuyo.

Cimene tikana ndi cizolowezi ca ofukula zakale cotenga mphika ngati cizindikiro ca cinenero. Phale litiuza za dothi, moto ndi dzanja la woumba, koma silitiuza mau amene woumbayo anali kuitanira mwana wake. Miphika ya mtundu wa Luangwa, imene inafala m'zaka za m'ma 1000, yakhala ikuumbidwa ndi akazi a Cicewa, Cinsenga ndi Cibemba omwe, cikhalireco zinenerozi n'zosiyana. Luso litha kuoloka malire mwa ukwati kapena malonda popanda mtundu wonse kusamuka.

Conco aphunzitsi asapereke mivi yojambulidwa pa mapu ngati mbiri yotsimikizika. Ulendo wa olankhula zinenero za Cibantu ufunika mboni ziwiri: khasu la wofukula ndi kuyerekeza mau.