Maikolofoni Imodzi Ikwanira, Bola Mwini Wake Adziwe Poiimika

M'masitudiyo ambiri ang'onoang'ono ku Ndirande, ku Area 25 kapena ku Chibavi, chuma chenicheni cha mwini wake chimakhala maikolofoni imodzi ya condenser. Woimba amaimbira pomwepo, gitala amajambulira pomwepo, ndipo kwaya ya mpingo ikabwera imaunjikana pomwepo. Ena amati umenewu ndi umphawi. Ine sindiona choncho. Maikolofoni yotereyi inapangidwa kuti igwire ntchito zonsezi, ndipo nyimbo zikatuluka zosamveka bwino, kawirikawiri cholakwika si mtengo wake koma malo amene inaimikidwa.

M'kati mwake muli kanembanemba kopyapyala kuposa tsitsi, nthawi zambiri kopakidwa golide, ndipo kumbuyo kwake kuli kachitsulo kosayenda. Mawu akafika, kanembanembako kamanjenjemera, mpata wa pakati pa ziwirizi umasinthasintha, ndipo kusinthako ndi kumene kumasanduka magetsi. Maikolofoni ya pa siteji, monga Shure SM58, ili ndi kawaya kozengezazenga komatidwa ku nembanemba yake, choncho ndi yolemerako ndipo timawu tating'ono timaidutsa. Condenser imatola zonse: mpweya wa woimba, kutsetsereka kwa chala pa nsambo, ngakhale kulira kwa mpando. E. C. Wente anaipanga ku America mu 1916, Georg Neumann anayamba kuigulitsa ku Berlin mu 1928, ndipo magetsi a 48V amene timayatsa pa mikisa kuti igwire ntchito anayamba mu 1966, pa ntchito ya wailesi ya dziko la Norway. Neumann U87 ya 1967 ndi AKG C414 ya 1971 zinatchuka kwambiri, ndipo zili ndi kabatani kosankhira mbali yomvera: kutsogolo kokha, kutsogolo ndi kumbuyo, kapena mbali zonse.

Vuto loyamba limabwera ndi woimba mwini. Anazolowera kutchalitchi ndi kumaukwati, kumene mlomo umachita kukhudza maikolofoni kuti mawu apose phokoso la bandi. Chizolowezi chimenechi musitudiyo chimawononga. Maikolofoni yomvera kutsogolo kokha ukaiyandikira kwambiri imakuza besi, mawu amanenepa n'kuchita mbuu, ndipo zimene akunena sizimvekanso. Chichewa chimawonjezera vuto lake, chifukwa ph, th ndi kh zimatuluka ndi mphepo yambiri m'kamwa, ndipo mphepoyo ikamenya kanembanemba kaja pamamveka kuphulika kumene kompyuta imavutika kukuchotsa bwinobwino. Mankhwala ake ndi otchipa. Woimba aime masentimita 15 kapena 20 kuchoka pa maikolofoni, pakati pakhale kasefa ka nsalu, ndipo maikolofoniyo ipendeke pang'ono kuti mpweya uzidutsa pambali. Mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvu ya mawu imatsika ndi madesibelo pafupifupi 6. Ndiye kuti woimba amene amabweza mutu pofuula n'kuyandikira ponong'ona amakhala akusakaniza yekha nyimbo ndi thupi lake. Luso limeneli ndimalilemekeza kwambiri, ndipo zimandiwawa kuona kuti ojambula ambiri saliphunzitsa, amangodalira kompuresa kuti ikonze zonse pambuyo.

Kenako pali chipinda. Makoma a simenti ndi denga la malata amabweza mawu, ndipo condenser imajambula kubwerera konseko pamodzi ndi firiji, jenereta ya kwa aneba ndi tambala wa kuseri. Mathileyi a mazira amene amakhomedwa m'makoma satchinga phokoso lakunja, ndipo siponji yopyapyala imangomeza mawu akuthwa n'kusiya besi ikugubuduka, mpaka woimba amamveka ngati ali m'mgolo. Chothandiza ndi zinthu zochindikala: matiresi, mabulangete olemera, shelefu yodzaza mabuku. Ndipo malo oyamba kuziika ndi kumbuyo kwa woimba, osati kumbuyo kwa maikolofoni, chifukwa maikolofoniyo yayang'ana woimbayo ndi khoma limene lili kumsana kwake. Ambiri amatchinga mbali yolakwika.

Pa zoimbira m'pamene kusinthasintha kwa condenser kumaonekera. Pojambula gitala wa bokosi, maikolofoni musailozetse pa bowo, pamene besi imatuluka mwaphamphu, koma pamene khosi lalumikizana ndi thupi, masentimita 20 kapena 30 kutali. Ng'oma imafuna kuti mutsitse kabatani ka -10 dB kochepetsa mphamvu ya mawu ndi kubwerera m'mbuyo, kuti mumve chikopa ndi mtengo pamodzi, osati kumenya kwa chikhatho kokha. Visekese zimabaya m'makutu pa macondenser otchipa, amene ambiri amakuza mawu akuthwa, choncho mutembenuzire maikolofoni pambali pang'ono. Kabatani kodula besi kuyambira cha m'ma 80 Hz n'kabwino pa mawu a munthu, koma mukakaiwala kali koyatsa pojambula babatoni, mwachotsa chimene chimagwedeza chifuwa m'nyimboyo.

Koma chimene ndimakonda koposa ndi kujambula gulu lonse nthawi imodzi. Hugh Tracey, amene anajambula nyimbo zathu m'zaka za m'ma 1950 dziko lino likali Nyasaland, ankagwira maikolofoni imodzi m'manja, n'kumaisendeza kwa wotsogolera nyimbo, kwa ovomera, kwa ng'oma, molingana ndi mmene nyimbo ikuyendera. Zimene anajambulazo zikusungidwa ku International Library of African Music ku South Africa, ndipo mukazimvera mumadziwa amene waima pafupi ndi amene ali patali. Mu 1987 gulu la Cowboy Junkies linajambula chimbale cha The Trinity Session m'tchalitchi china ku Toronto litazungulira maikolofoni imodzi, ndipo wofuna kumveka kwambiri ankangosendera pafupi. Lero kwaya imalowa mmodzimmodzi, aliyense ndi mahedifoni ake, kenako Auto-Tune imawongola onse. Zimatuluka zoyera, inde, koma kuyankhizana kuja, pamene alto amatsamira pa tenala ndipo onse amapuma limodzi, kumasowa. Nyimbo zathu zambiri zinamangidwa pa kutsogolera ndi kuvomera, ndiye kuzidula zidutswazidutswa n'kuzilanda mtima. Ngati chipinda chili chabwino, ikani maikolofoni kuti imve mbali zonse, oimba azungulire, a mawu amphamvu abwerere m'mbuyo, a mawu ofewa asendere kutsogolo. Oimba awiri angayang'anizane, maikolofoni ili pakati ikumva kutsogolo ndi kumbuyo. Wina akaphonya mubwereza nonse, ndipo n'chifukwa chake gulu liyenera kubwera litakonzekera.

Sikuti condenser ndi yoyenera paliponse. Bruce Swedien anajambula mawu ambiri a Michael Jackson pa chimbale cha Thriller cha 1982 ndi Shure SM7, yomwe si condenser, ngakhale kuti zodula zinalipo musitudiyomo. M'chipinda chaphokoso, kapena kwa woimba wa mawu obaya, maikolofoni yoimbira pafupi ngati imeneyo ingapose condenser ya ndalama zambiri. Wojambula wabwino amayesa zonse ziwiri n'kumvera, osati kungotenga yooneka bwino pa chithunzi.

Chinyezi ndiye mdani wamkulu wa condenser kuno kwathu. M'dzinja, nthunzi ya m'kamwa ikasakanikirana ndi fumbi pa kanembanemba kaja, maikolofoni imayamba kuthetheka kapena kuzima pakati pa nyimbo. Osaiuzira poiyesa ngati ikugwira, kuyankhulamo n'kokwanira. Muzimitse 48V musanazule chingwe, ndipo ntchito ikatha ibwerere m'bokosi lake pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'mabokosi a nsapato zatsopano.