Ntchito yopanda tikiti

Buku la Charles van Onselen lotchedwa Chibaro, lomwe linatuluka mu 1976, ndimalilemekeza. Linafotokoza mosabisa mavuto a amuna a m'migodi ya Southern Rhodesia pakati pa 1900 ndi 1933, kuphatikizapo machona ochokera ku Nyasaland. Linaonetsa momwe tikiti inkamangira munthu: bwana akakana kuilemba, tsiku lonse lapita popanda malipiro.

Koma pali pomwe ndimasiyana nalo. M'bukuli ntchito ndi ya mwamuna wolowa pansi. Akazi amaonekamo kwambiri ngati ofulula mowa kapena ochita uhule m'komponi. Mkazi wotunga madzi, wochapa zovala za fumbi, wodwazika mwamuna wachifuwa, analibe tikiti, choncho sawerengedwa mokwanira.

Vuto limeneli likadalipo. Ku Gadzema, pafupi ndi Chegutu, komwe kunali mgodi wa golide wa Giant, mayi wapabanja amatandala akutsuka mchenga wa golide kapena kuphikira makorokoza nsima yogulitsa. Ndalamayo imalipira sukulu. Koma akafika pakhomo, moto, madzi, ana ndi apongozi odwala zonse zikumudikira. Bambo akaweruka amapuma. Mayi akaweruka amamanga chitenje. Arlie Hochschild, polemba za mabanja a ku America mu 1989, anaitcha shifiti yachiwiri.

Ndikupempha amene adzalembe mbiri ya migodi ya Kadoma ndi Chegutu kuti adzawerenge mashifiti onse awiri, ndipo adzafunse amayiwo akadali moyo.