A Loman Akakhala Anthu Akuda: Death of a Salesman ku Young Vic

Sewero la Arthur Miller lotchedwa Death of a Salesman linaonetsedwa koyamba ku New York mu 1949, motsogoleredwa ndi Elia Kazan. Limakamba za Willy Loman, bambo wazaka 63 amene amayenda m'mizinda kutsatsa malonda, koma ntchito yayamba kumukana. Mkazi wake Linda ndiye wagwira nyumba, pamene ana awo, Biff ndi Happy, akula opanda pogwira. Pamapeto Willy amadzipha pochita ngozi ya galimoto mwadala kuti banja lilandire ndalama za inshuwalansi.

Mu 2019 atsogoleri a masewero Marianne Elliott ndi Miranda Cromwell anautsanso seweroli ku Young Vic, mumzinda wa London, ndipo banja la a Loman linakhala la anthu akuda. Wendell Pierce anasewera ngati Willy, Sharon D Clarke ngati Linda. Nkhani anaisiya m'nthawi yake, ku Brooklyn, m'zaka zomwe tsankho linali poyera ku America. Apa ndi pamene panagona luso lawo: mawu a Miller anakhala pafupifupi omwewo, koma oonerera anawamva mwatsopano chifukwa cha amene akuwalankhula ndi amene akuwamva.

Chitsanzo champhamvu ndi mu ofesi ya Howard, bwana wa Willy yemwe ndi mwana wa bwana wake wakale. Willy wabwera kudzapempha ntchito ya mumzinda momwemo, poti maulendo aatali amutopetsa. Howard ali kalikiliki ndi makina ake atsopano ojambulira mawu, akumvetsera ana ake, ndipo amamuchotsa ntchito ngati akuthamangitsa ntchentche. Howard akakhala mzungu wachinyamata ndipo wopemphayo mdala wachikuda, kumwetulira kwa Willy kumaoneka kuti n'chida chimene wakhala akudzitetezera nacho moyo wake wonse. Chimodzimodzi mu hotela ya ku Boston, mmene Biff amapezerera bambo ake ndi mkazi wina. Mkaziyo anali mzungu, choncho mantha a Willy pomva kugogoda pachitseko sanali oopa manyazi okha. Ngakhale kukana kwake ntchito imene Charley, mnansi wake wachizungu, amamupatsa kunamveka bwino kusiyana ndi kale.

Anna Fleischle, wokonza nsanja, anapachika mipando, zitseko ndi mafelemu a mawindo m'mwamba, n'kumazitsitsa zikafunika. Izi zinayenerera sewero limene theka lake limachitikira m'mutu mwa Willy, mmene zakale ndi zalero zimalowererana. Nyimbo za Femi Temowo, zotengera gospel ndi blues, zinalumikiza zigawo.

Njira imeneyi ili ndi msampha wake. Tsankho likhoza kufotokoza zambiri mopitirira, mpaka woonerera n'kuiwala kuti Willy ndi wabodza, wodzikweza, ndiponso kuti anawononga ana ake powaphunzitsa kuti kukondedwa ndi anthu kumaposa khama. Pierce sanamuyeretse; anasunga ukali wake pomudula mawu Linda, ndipo n'chifukwa chake seweroli silinasanduke ulaliki. Clarke nayenso anakana kusewera Linda ngati mayi wongolira. Anali mayi wodziwa ngongole iliyonse ya pakhomo, amene akadzudzula ana ake nyumba yonse imakhala chete.

Clarke analandira mphoto ya Olivier mu 2020, monganso atsogoleri awiriwo. Mu 2022 Cromwell anatengera seweroli ku Broadway, ku New York, kumene kanali koyamba kuti banja la a Loman liseweredwe ndi anthu akuda.