Fodya wa Pacala

Ambiri amatama thandizo lotumiza ana athu kunja kukaphunzira udotolo. Sitikana kuti ncabwino, koma inu amene mwatsiriza sukulu, tayesani nkhani iyi. Dr. Hastings Banda anatsiriza maphunziro ace ku Meharry mu 1937 ndi ku Edinburgh mu 1941. Anafuna kubwerera kwao, koma ku Nyasaland sanampatse malo omuyenera. Motero anaciritsa anthu a ku London ndi ku Kumasi. Nanga odwala a ku Kasungu anapindulanji? Paja akulu anati fodya wako ndi wa pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Thandizo loposa ndilo lomangira pakhomo, monga sukulu ya udotolo ya ku Lusaka, yoyambika mu 1966, imene inatulutsa madotolo ace oyamba mu 1973.